Kuyenda timayenda kale, nanga mayendedwe ake ati omwe thupi limapindula nawo kuno ku Zomba?

Azakhali anga atawapeza ndi BP chaka chatha, namwino anawauza zinthu zitatu: achepetse mchere, asamadumphitse mankhwala, ndiponso aziyenda. Ziwiri zoyambazo anazilandira bwinobwino. Chachitatucho sichinawalowe. Nditapita kukawazonda anandifunsa kuti, "Mwananga, ndiyendenso motani ine? Kuchoka kuno ku Sadzi kukafika kumsika tsiku ndi tsiku, ndimakhala ndakwera chiyani?" Sankanama ayi. Ndalama ya kabaza amaimva kuwawa, ndipo miyendo yawo yapondaponda tawuni ino kwa zaka zoposa 30.

Funso lawolo landikhala m'mutu mpaka lero, chifukwa si la iwo okha. Mudzaime m'mbali mwa msewu wa M3 cha m'ma 6 koloko m'mawa mudzaone. A ku Chinamwali ndi ku Matawale akulowa m'tawuni, a ku Three Miles akubwera mbali inayo, ana a sukulu, amayi osenza madengu a masamba, ophunzira a ku Chanco akuchokera ku Chikanda. Langizo lakuti "muziyenda" limayenera munthu amene amachoka pampando wa m'galimoto n'kukakhala pampando wa muofesi. Oterewa aliponso ku Zomba, ndipo achuluka kuyambira pomwe njinga zamoto zinadzaza m'misewu. Koma ambirife timayenda kale. Chomwe sitinauzidwe n'chakuti pa mayendedwe onsewa, ndi ati omwe amathandiza mtima, ati omwe amatsitsa shuga, ndipo ndi ati omwe amangomaliza mawondo.

Nkhaniyi ndi yaikulu. Kafukufuku wa STEPS yemwe anachitika m'dziko muno mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa akuluakulu atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Vutoli silinali la m'tawuni mokha. Kumudzi, komwe anthu amayenda mitunda italiitali, linaliponso.

Muyeso womwe ndiziyezera njira zonsezi ndi wa WHO womwewo, wa mu 2020: munthu wamkulu azigwiritsa thupi ntchito yotenthetsako magazi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena theka la nthawi imeneyi ngati ntchitoyo ndi yawefuwefu. Mphindi 150 ndi theka la ola kwa masiku asanu. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti "yotenthetsako magazi", ndipo ndi pomwe nkhani ya azakhali inagona.

Kuwerenga masitepe pafoni

Njira iyi yatchuka pakati pa achinyamata ndi a m'maofesi. Foni ili m'thumba imawerenga kuti mwaponya phazi kangati, madzulo n'kukuuzani ngati mwafika 10,000. Ambiri amayesa kuti nambalayi inachokera kwa madokotala, chonsecho inachokera kumalonda. Mu 1965 kampani ina ya ku Japan inatulutsa kachipangizo kowerengera masitepe n'kukatcha Manpo-kei, kutanthauza choyezera masitepe 10,000. Dzinalo linakomera anthu n'kufalikira, ofufuza anachita kubwera pambuyo.

Zomwe ofufuzawo apeza n'zopatsa mtima kuposa nambalayo. Mu 2019 gulu lotsogozedwa ndi I-Min Lee wa ku yunivesite ya Harvard linatulutsa zotsatira za amayi achikulire oposa 16,000 a ku America. Pakati pa omwe ankayenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku, imfa zinali zochepa poyerekeza ndi omwe ankathera pa 2,700. Phindulo linkakwerabe mpaka cha m'ma 7,500, apo n'kukhazikika. Mu 2022 ofufuza ena anaphatikiza zotsatira za magulu 15 a m'mayiko osiyanasiyana, napeza kuti kwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo phindu limakhazikika pakati pa masitepe 6,000 ndi 8,000, pomwe kwa ocheperapo msinkhu ndi pakati pa 8,000 ndi 10,000.

Choncho wopindula kwambiri ndi amene ali pansi penipeni. Ndikunena telala amene amaswera pamakina, mtsikana wa m'kakhumbi kotumizira ndalama, kalaliki wa muofesi, dalaivala wa minibasi. Kwa anthu awa foni imaulula zomwe samayembekezera. Munthu amafika kunyumba ali wotopa n'kumaganiza kuti wagwiritsa thupi ntchito, koma nambala ikuti 2,500. Akangoyamba kutsika pakabaza asanafike, kapena kupita yekha kukagula nkhomaliro m'malo motuma mwana, wapeza kale gawo lalikulu la phindu.

Kwa azakhali ndi anzawo ogulitsa mumsika njirayi ilibe chatsopano. Masitepe amawakwanitsa dzuwa lisanafike pamutu, foni yawo ndi ya mabatani, ndipo ngakhale ikanakhala yowerenga, bwenzi ikungowayamikira pa zomwe akuchita kale. Ine ndimaiona ngati sikelo ya kuchipatala: mukwerepo kuti mudziwe pomwe muli, sabata imodzi yakwana, kenako ganizirani zina.

Ndawala

Pa njira zonse, iyi ndi yomwe ndimaiikira kumbuyo kwambiri, ndipo ndichedwapo.

Mtima ndi mnofu. Umalimba ukapatsidwa ntchito yoposerako yomwe unazolowera. Munthu amene wayenda njira imodzimodzi pa liwiro limodzimodzi kwa zaka 30, thupi lake linaiphunzira kale njirayo ndipo limaidutsa osavutika. Phindu lilipobe, sindikukana, chifukwa munthuyo ali bwino kuposa wongokhala. Koma kuti BP itsikeko ndi mpweya uwonjezeke, pamafunika kuti mtima ugunde mofulumirako kwa mphindi zingapo zotsatizana.

Ndawala yoyenera simusowa makina kuti muidziwe. Mukamayenda, yesani kuyimba. Ngati mukutha kuyimba ndime yonse ya nyimbo ya kwaya osadukiza, mukuyenda mwachizolowezi. Ngati mukutha kucheza ndi mnzanu koma kuyimba kukukanika, mwafika pomwe pakufunika. Ngati ngakhale moni akukukanikani kuyankha, mwapyola, bwezani pang'ono. Okonda manambala angawerenge: masitepe pafupifupi 100 pa mphindi imodzi ndiye ndawala ya munthu wamkulu, kutanthauza 50 pa theka la mphindi.

Tsiku lina ndinawaperekeza azakhali kumsika kuti ndione ndekha. Kuyenda kwawo kunali kwa phazi ndi phazi, dengu lili pamutu, ndipo tisanafike pa Mpondabwino tinali titaima kasanu. Apa moni, apo kufunsa za odwala, uko kupepesa maliro omwe sanapiteko. Sindingauze munthu wamkulu kuti azidutsa anzake ngati sakuwaona, ndipo sindikufuna n'komwe. Kucheza kumeneku nakonso ndi moyo, makamaka kwa mayi wamasiye. Chomwe tinachita ndi kusankha chigawo cha njira chomwe chilibe owadziwa ambiri, n'kugwirizana kuti pamenepo pokha aziponya phazi mwamphamvu.

Pali njira ina yoyendera ndawala yomwe ndaona kuti achikulire amaipirira bwino, yosinthanitsa liwiro. Anaifufuza ndi Hiroshi Nose ndi anzake a pa yunivesite ya Shinshu, mumzinda wa Matsumoto ku Japan. Munthu amayenda mwamphamvu mphindi 3, kenako pang'onopang'ono mphindi 3, n'kubwereza kasanu, zonse pamodzi theka la ola, masiku anayi kapena kuposerapo pa sabata. Zotsatira zomwe anatulutsa mu 2007 zinaonetsa kuti patatha miyezi isanu, achikulire omwe ankayenda chonchi anali ndi ntchafu zolimba, mpweya wochuluka, ndipo BP yawo inatsika kuposa ya anzawo omwe ankayenda masitepe 8,000 pa liwiro limodzi. Chinsinsi chake n'chakuti mphindi zitatu munthu amalimba nazo mtima podziwa kuti mpumulo uli pafupi, choncho amafika pa liwiro lomwe sakanalikwanitsa kwa theka la ola lathunthu.

Wotchi si yofunika. Gwiritsani ntchito zomwe zili m'njira. Mapolo a magetsi asanu mwandawala, asanu otsatira mwapang'onopang'ono. Kapena kuchokera pamlatho kukafika pamphambano, kuchokera pa mbawa waukulu uja kukafika pachipata cha tchalitchi. Mukazolowera, zizindikirozo zimakukumbutsani zokha. Malo osalala oyeserapo alipo: m'mbali mwa bwalo la gofu, msewu wopita ku Chanco, kapena kuzungulira bwalo la mpira la kwanuko m'mawa ana asanabwere.

Ubwino waukulu wa ndawala ndi wakuti siikudyerani nthawi. Ulendo ndi womwewo wa kuntchito kapena kumsika, ndipo mumafika msanga. Vuto lake lenileni ndi thukuta. M'mwezi wa Okutobala palibe mphunzitsi kapena wa kubanki amene angafune kulowa pantchito malaya atamatirira kumsana. Ine ndimapita m'mawa mwachifatse, ndawala n'kuisungira pobwerera, poti kunyumba kuli madzi osamba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, mutha kuchita mbali zonse ziwiri.

Chenjezo limodzi pa M3. Galimoto kuno zimayenda kumanzere, choncho woyenda pansi pomwe palibe kanjira kakekake ayende kumanja, kuti aziona zomwe zikubwera kutsogolo kwake. Madzulo valani chowala. Njinga zamoto zina zimabwera popanda nyali, ndipo munthu amene akuthamangitsa phazi maso amakhala pansi.

Chitunda

Apa ndiye Zomba inatikondera. Tawuni yathu ili m'tsinde mwa phiri, ndipo atsamunda anamanga maofesi ndi nyumba zawo chakumtunda. N'chifukwa chake misewu yochoka pa M3 kulowera ku Botanical Gardens, kunyumba yakale ya malamulo, ku Mulunguzi ndi ku Old Naisi yonse ndi yokwera. Anthu a m'mizinda yosalala amalipira ndalama kuti akakwere makina opendekeka. Ife chitunda chili pakhomo.

Pachitunda mtima umathamanga ngakhale phazi likuyenda pang'onopang'ono, chifukwa sitepe iliyonse mukunyamula thupi lonse kulikweza m'mwamba. Ntchafu, matako ndi akatumba zimagwira ntchito yomwe pamalo osalala sizigwira. Izi zimathandiza munthu amene sangathe kufulumira, kaya chifukwa cha msinkhu kapena kulemera kwa thupi. Ndipo ntchafu zolimba ndi zomwe zimadzutsa gogo pamkeka popanda womugwira dzanja.

Koma tisiyanitse zinthu ziwiri: tizitunda ta tsiku ndi tsiku, ndi phiri lenilenilo.

Phiri ndimalikonda, ndipo ndikanakonda aliyense wa ku Zomba atalikwerako wapansi kamodzi. Tawuni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, Ku Chawe ndi cha m'ma 1,500, ndipo nsonga ya Malumbe imapitirira 2,000. Mutha kutsata msewu wa tala wokhotakhota uja, kapena kanjira kachidule ka Potato Path komwe alimi ankatsikira ndi mbatata zawo. Mukafika pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndi Emperor's View pomwe anaima mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. Kukacha bwino mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Munthu amatsikako mutu utapepuka, nkhawa za ngongole ndi za kuntchito zitachepako mphamvu. Phindu limeneli silioneka pa makina oyezera BP koma ndi lenileni.

Ofufuza apezanso kuti munthu amene amakwanitsa mphindi 150 zake m'tsiku limodzi kapena awiri a kumapeto kwa sabata amapindulabe. Ndiye wokwera phiri Loweruka lililonse sakutaya nthawi. Vuto n'lakuti ndi angati amakwera Loweruka lililonse? Sabata ino maliro, yamawa ukwati, inayo mvula. Kuyambira Novembala mpaka Epulo tinjira timaterera, ndipo nthawi ya chiperoni nkhungu imatha kutseka njira mwadzidzidzi. Ulendowo umadya theka la tsiku, ndipo si wopita wekha; pitani pagulu, ndipo njira zomwe simukuzidziwa tengani wolondolera. Kwa wodwala shuga palinso china: thupi likagwira ntchito limamva bwino insulin, yemwe amatsitsa shuga m'magazi, kwa tsiku limodzi kapena awiri okha, kenako limabwerera mwakale. Phiri la kamodzi pamwezi silingagwire ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ndipo amene BP yake sinakhazikike, kapena ali ndi vuto la mtima, asayambire kuphiri asanafunse adokotala.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mawondo savutika kwambiri pokwera, amavutika potsika. Potsetsereka minofu ya patsogolo pa ntchafu imagwira mabuleki, ndipo bondo limalandira kulemera konse sitepe iliyonse. Kuphwanya kwa miyendo komwe kumabwera patatha tsiku limodzi kapena awiri kumachokera pamenepo. Ndiye taonani zomwe timachita: popita kumtunda timakwera kabaza poopa chitunda, pobwerera n'kuyenda wapansi poti ndi kotsetsereka. Ndalama tapereka kuti tithawe gawo lothandiza mtima, n'kudzisiyira gawo lopweteka mawondo. Ngati ndalama ya ulendo umodzi ilipo, itembenuzeni. Kwerani wapansi, mutsike pakabaza. Ngati mukutsika wapansi, ponyani masitepe afupiafupi, bondo likhale lopindikako, ndipo ndodo musachite nayo manyazi.

Pakati pa ziwirizi, kachitunda ka mphindi 10 komwe kali panjira yanu ya tsiku lililonse ndi komwe ndingakusankhireni. Phiri likhale la chisangalalo.

Kuyenda mukangotha kudya

Njira iyi ndi yosaoneka ngati kanthu, koma kwa odwala shuga ndi omwe akuyandikira matendawa ndiyo ndingaike patsogolo. Nsima, makamaka ya ufa woyera, imasanduka shuga m'magazi mofulumira, ndipo shugayo amafika pachimake patatha ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Minofu ya miyendo ikamagwira ntchito nthawi imeneyi imakoka shugayo n'kumugwiritsa ntchito, osadalira kwambiri insulin.

Mu 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Otago ku New Zealand anayesa izi pa anthu 41 odwala shuga wa mtundu wachiwiri. Nthawi ina anawauza kuti aziyenda mphindi 30 nthawi iliyonse yomwe afuna, nthawi ina kuti aziyenda mphindi 10 akangotha chakudya chilichonse mwa zakudya zitatu za patsiku. Nthawi yoyenda inali yofanana. Koma poyenda atangodya, kukwera kwa shuga kunachepa ndi pafupifupi 12 peresenti, ndipo pa chakudya chamadzulo kunachepa ndi 22 peresenti. Chifukwa chake n'chomveka: madzulo ndi pomwe anthuwo ankadya zokhutitsa kwambiri kenako n'kukhala pansi.

Ifenso ndi momwemo. Mitanda ikuluikulu timadya usiku, tikasamba m'manja n'kukhala pakhonde kapena pa TV mpaka tulo. Komatu mwambo wothandiza tili nawo kale: kuperekeza mlendo. Munthu akadya pakhomo panu simumusiya kuti atuluke yekha, mumamufikitsa pamphambano n'kubwerera. Amenewo ndi mphindi 10 zomwe ofufuza a ku Otago ankanena. Chofunika ndi kuperekeza ngakhale tsiku lomwe kulibe mlendo.

Zovuta zake tonse tikuzidziwa: mdima, agalu omasulidwa usiku, udzudzu, ndi anthu osadziwika bwino m'tinjira. Sindingalangize mayi kuti azizungulira m'makwalala a Chikanda kapena Chinamwali 8 koloko usiku. Zungulirani nyumba yanu, yendani uku ndi uku pabwalo, kapena idyani kusanade kwambiri ngati n'zotheka. Masana n'kosavuta: mukadya nkhomaliro kuntchito, musabwerere pampando nthawi yomweyo. Liwiro pano si lofunika, kuyenda kwachifatse n'kokwanira, ndipo kuthamanga mimba ili yodzaza kumangobweretsa chilungulira.

Odwala shuga asamale ziwiri. Ngati mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide, shuga atha kutsika mopitirira, makamaka mukayenda ulendo wautali musanadye. Kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi chizungulire ndi zizindikiro zake. Muziyenda ndi maswiti kapena shuga pang'ono m'thumba. Chachiwiri ndi mapazi. Matendawa amapha mitsempha yomvera kupweteka, munthu n'kuyenda ndi kamwala mu nsapato osamva, chilonda n'kuyamba. Musayende opanda nsapato kapena ndi patapata, ndipo madzulo aliwonse yang'anani kuphazi ndi pakati pa zala. Nsapato yofewa ya pakaunjika, yosathina, ndi yokwanira.

Kufooka kwa njirayi n'kwakuti mtima siulimbitsa kwenikweni. Imachita bwino ikaphatikizidwa ndi ndawala kapena chitunda nthawi ina ya tsiku.

Kuyenda ndi katundu

Kumayiko akunja kwabwera chizolowezi choyenda ndi chikwama cholemera kumsana pofuna kulimbitsa thupi. N'zoona kuti katundu amawonjezera ntchito ya mtima ndi miyendo. Koma aliyense amene anakumanapo ndi amayi otsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, akudziwa mtengo wake: khosi, msana ndi mawondo. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu. Amene amasenza kale chonchi sakusowa katundu wina. Chomwe chingamuthandize ndi kuchepetsa mtolo n'kupita kawiri ngati mtunda ukulola, nkhata yabwino, ndi kutula popinda mawondo m'malo mowerama msana.

Wa muofesi amene akufuna kuyesa, agwiritse chikwama cha malamba awiri, ayambe ndi chopepuka monga mabotolo awiri a madzi, ndipo asayese ngati msana umamuvuta kale. Pa njira zonse iyi ndimaiika kumapeto.

Zomwe kuyenda sikungachite

Ambiri amayamba kuyenda kuti achepetse thupi, pakatha mwezi sikelo osasuntha, n'kusiya. Mafuta omwe kuyenda kumawotcha ndi ochepa poyerekeza ndi momwe timaganizira. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera limafuna makilomita awiri kapena kuposerapo kuti lithe m'thupi. Mimba imachepa mbale ikasintha. Koma BP, shuga, tulo ndi mpweya zimasintha ngakhale sikelo itaima pomwepo, ndiye musayezere pa sikelo pokha.

Kuyenda sikulowanso m'malo mwa mankhwala. BP ikatsika, amene angachepetse mapiritsi ndi adokotala atakuyezani, osati inu nokha. Komanso WHO imati minofu ilimbitsidwe masiku awiri pa sabata, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo aziyeserera kuima mosagwedera pofuna kupewa kugwa. Wogwira khasu zambiri mwa izi amazipeza kumunda. Wosalima angathe kudzuka ndi kukhala pampando kakhumi osagwira ndi manja, ndiponso kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma. Ndipo mukamayenda n'kumva kuthina kapena kupweteka pachifuwa, kubanika kosazolowereka, chizungulire, kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndiye musankhe iti? Woswera pampando ayambe ndi kuwerenga masitepe sabata imodzi, adziwe pomwe ali, awonjezere pang'onopang'ono, liwiro lidzabwere pambuyo. Wodwala shuga ayambe ndi mphindi 10 za pambuyo pa mgonero, chifukwa ndi pomwe kusintha kumaoneka msanga pa kamakina koyezera. Wachinyamata wa mawondo abwino atenge chitunda, ndipo phiri alikwere akapeza anzake. Koma woyenda kale, yemwe ndi munthu wamba wa ku Zomba, asawonjezere mtunda. Atenge njira yomweyo n'kuikamo zigawo za ndawala.

Azakhali anasankha ziwiri. Popita kumsika dengu lili pamutu amayenda monga kale, moni amapereka monga kale. Pobwerera dengu likakhala lopepuka, ali ndi zigawo zitatu zomwe amafulumira, ndipo chomaliza ndi kachitunda kofikira kunyumba kwawo, komwe poyamba ankapumirapo kawiri. Akadya mgonero amazungulira nyumba ndi mdzukulu wawo, iye akuwerenga mokweza mpaka kakhumi. Mankhwala akumwabe m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lawo lokayezetsa salidumpha. Mwezi watha nditawaperekeza tinakwera kachitundako osaima, tili pakati anandifunsa ngati ndingawapezere nsapato ina pakaunjika, chifukwa yomwe ndinawagulira ija yayamba kutha chidendene.